Ophunzira Nchito Atsikire ku Gombe la Salima

Chaka ndi chaka masukulu a ukachenjede a dziko lino amatulutsa anyamata ndi asungwana ochuluka, amene makolo ao anagulitsa mbuzi, fodya ndi mtedza kuti ana aphunzire. Tsiku lolandira digiri kumakhala nthungululu ndi kujambulitsa zithunzi. Koma masabata akapita, mnyamata uja akatenga makalata ache kunka nao m'maofesi, funso limene amakomana nalo pa khomo liri lonse ndi limodzi: "Kodi munayamba mwagwirapo kuti nchito?" Iye amasowa poyankha, pakuti nchito sangaipeze asanaonetse luso, ndipo luso sangalipeze asanagwire nchito. Nthawi yomweyo akulu a maofesi a Boma ndi a makampani m'maboma a kutali ndi mizinda amadandaula kuti nchito yawachulukira ndipo manja ndi ochepa.

Madandaulo awiriwa mankhwala ache ndi amodzi, ndiwo kutumiza wophunzira kukakhala miyezi ingapo pa malo a nchito yeniyeni asanatsirize maphunziro ache, kapena atangotsiriza kumene. Ophunzira eni ache amautcha mwambo umenewu atachimenti kapena intenishipu. Palibe munthu wanzeru amene amautsutsa. Chimene ambiri sachiganizira mofatsa ndi chakuti phindu lache silikhala m'kalata ya umboni imene wophunzira amalandira potsiriza ai. Limakhala m'nchito imene anapatsidwa kuti agwire, ndiponso mwa munthu amene anamuyang'anira. Ndipo nchito yotere iripo yambiri kunja kwa Capital Hill, m'malo monga gombe la nyanja ku Salima, kumene maso a ophunzira sathamangirako msanga.

SI MWAMBO WACHILENDO

Aphunzitsi ndi anchito a Boma safunika kuuzidwa zambiri za mwambo umenewu, pakuti ambiri a iwo anadzera momwemo. Pamene sukulu ya Jeanes inatsegulidwa ku Domasi m'chaka cha 1929, aphunzitsi amene anapitako sanali kungokhala m'kalasi ai, koma anali kutuluka kunka m'midzi yozungulira kukachita ndi manja zimene anamva za ulimi, ukhondo ndi kaphunzitsidwe. Kufikira lero mphunzitsi wa pulayimale salandira setifiketi asanaime miyezi yambiri pamaso pa ana m'kalasi lenileni, choko chiri m'manja, mkulu wa sukulu akumuonerera. Dotolo naye, ngakhale atakhoza bwino chotani ku sukulu ya udotolo, amayamba wagwira miyezi 18 m'chipatala chachikulu pansi pa madotolo akulu asanaloledwe kuima payekha.

Maiko a kunja anazindikira zomwezi kale. M'chaka cha 1906, pa yunivesite ya Cincinnati ku America, mphunzitsi wa uinjiniya dzina lache Herman Schneider anayamba kugawa nthawi ya ophunzira ache pawiri, masabata ena m'kalasi, masabata ena m'fakitale, ataona kuti zambiri zimene injiniya amafunika kudziwa sizilembeka pa bolodi. Kuno kwao kwa Amalawi, Boma linaikapo mtima m'chaka cha 2018, pamene Nduna ya Zachuma ya nthawi imeneyo, malemu a Goodall Gondwe, inapatula ndalama zokwana K4.8 biliyoni kuti achinyamata 5,000 otsiriza maphunziro alowe m'maofesi a Boma kukaphunzira nchito, aliyense akulandira K80,000 pa mwezi. Imeneyi inali nzeru yabwino, ndipo iyenera kuyamikiridwa. Funso limene latsala ndi lakuti achinyamata oterewa azitumizidwa kuti, ndipo akafika azichita chiani.

CHUMA CHA SALIMA

Munthu wochoka ku Lilongwe amayenda makilomita pafupifupi 100 kuti afike pa boma la Salima, ndi ena ngati 20 kuti aponde mchenga wa ku Senga Bay. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 470,000 m'boma limeneli. M'dera laling'ono lomweli muli malo ophunzirirapo nchito ochuluka modabwitsa. Ku Senga Bay kuli malo a Boma ofufuzira za nsomba, mahotela a alendo ndi sukulu ya nchito zamanja. Ku Lifuwu kuli minda ya mpunga yothirira ndi malo ofufuzira mbeu ya mpunga. Ku Chitala kuli malo akale ofufuzira za ulimi. Ku Chipoka kuli doko pamene njanji imakomana ndi nyanja, pakuti njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima m'chaka cha 1935. Fakitale ya shuga inayamba kugaya nzimbe m'chaka cha 2016, ndipo ku Nanjoka kuli malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60, amene anatsegulidwa m'chaka cha 2021. Zilumba za Maleri ziri m'kati mwa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 1984.

Tsono ayang'anenso munthu mbali inayo. Ku Bunda, yunivesite ya LUANAR imaphunzitsa za ulimi, za ulimi wothirira ndi za nsomba. Yunivesite ya Mzuzu imaphunzitsa za nsomba ndi za kulandira alendo. MUBAS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo zimatulutsa mainjiniya, ndipo University of Malawi ku Zomba imatulutsa aphunzitsi, akatswiri a sayansi ndi a kayendetsedwe ka Boma. Palibe phunziro limodzi mwa amenewa limene liribe malo ache pa gombe la Salima. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, anatero akale, ndipo wophunzira amene zaka zache zonse zinai zathera pakati pa laibulale ndi chipinda chogonamo wakulira m'dziwe limodzi.

ZIMENE BUKU SILINENA

Kuti phindu la wophunzira lioneke bwino, nkoyenera kulingalira za mmodzi wophunzira za nsomba. M'kalasi iye anaphunzira kuti Boma limadziwa kuchuluka kwa nsomba zophedwa pochita kuwerenga ngalawa ndi makoka, ndi kuyesa nsomba zimene zatsitsidwa pa madoko osankhidwa. Pa pepala nchito imeneyi ndi masamu chabe. Pa doko ndi chinthu china. Asodzi a chilimira amapha usipa usiku ndi nyali, makamaka mwezi ukakhala mumdima, ndipo amakocheza m'bandakucha. Wolemba chiwerengero amene wafika dzuwa litakwera amapeza nsomba ziri kale pa thandala ndi m'madengu a amalonda. Nsombazo sizigulitsidwa pa sikelo koma m'zidebe ndi m'mabeseni, ndipo beseni la doko lina silifanana ndi la doko lina. Mwini bwato, akamuona mlendo ali ndi kope ndi cholembera, amayamba waganiza za msonkho, ndipo angathe kutchula chiwerengero chochepa. Mwera ukaomba masiku atatu, palibe bwato lotuluka, ndipo tsamba la m'kope limakhala loyera.

Wophunzira amene wakhala miyezi inai pa doko lotere sadzayang'ananso chiwerengero cha m'lipoti monga kale. Adzadziwa pamene manambala amachokera, pamene amalakwikira, ndi chifukwa chache. Tsiku lina akadzakhala pa mpando ku likulu, akulemba malamulo a usodzi, adzakumbukira nkhope za anthu amene malamulowo akawagwera.

Palinso phunziro lina ku Salima limene palibe yunivesite ingalipereke. Pa chilumba cha Mbenje, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa nyengo ya dzinja, kuyambira m'December kufikira cha m'April, kuti utaka uswane, ndipo pa nthawi ya usodzi pali malamulo okhwima a makhalidwe a pa chilumbapo. Mwambo umenewu unayamba m'zaka za m'ma 1950, kale kwambiri Nyumba ya Malamulo isanakhazikitse lamulo la za usodzi la 1997, limene linabvomereza kuti anthu a m'midzi azitengako mbali posamala nsomba. Akatswiri ochokera kunja amabwera kudzauona. Nchomvetsa chisoni kuti mwana wa Mmalawi awerenge za Mbenje m'lipoti la Chingerezi, pamene akanatha kukhala pansi ndi akulu a komiti ya pa gombe, nafunsa mwaulemu chifukwa chache lamulo la mfumu limamveka pamene la pa pepala nthawi zina limanyozedwa. Safunsa anadya phula.

Chimodzimodzi wophunzira za ulimi wothirira. Akafika ku Lifuwu amazindikira msanga kuti kuwerengera madzi oyenda mu ngalande ndi nchito yopepuka poyerekeza ndi kugawa madziwo pakati pa mlimi wa kumtunda ndi wa kumunsi onse akufuna kuthirira tsiku limodzi. Wophunzira za kulandira alendo amene anali ku Senga Bay m'chaka cha 2024, pamene nyanja inakwera nilowa m'mabwalo a malo ogona alendo a m'mphepete, anaona ndi maso ache chifukwa chache nyumba siyenera kumangidwa pa mchenga weniweni wa gombe.

MLENDO NDI KALUMO KACHE

Ena mwa akulu a nchito amayesa wophunzira ngati katundu wongowasenzetsa, munthu wofuna mpando, tebulo ndi nthawi imene iwo alibe. Maganizo amenewa ali ndi choona pang'ono, pakuti sabata ziwiri kapena zitatu zoyamba wophunzira amadya nthawi ya womuyang'anira koposa imene amabweza. Koma wongoyang'ana masabata oyambawo ali ngati mlimi wodandaula mbeu imene wakwirira.

Choyamba, ofesi iri yonse ya m'boma iri ndi nchito yogona imene aliyense amadziwa kuti njofunika koma palibe amene amaipezera nthawi. Muli makope a chiwerengero cha nsomba a zaka zambiri amene sanalowetsedwe m'kompyuta. Muli mapu a minda amene sanakonzedwenso chiyambire pamene malire anasintha, ndi kaundula wa ana a sukulu amene sanasanthulidwe kuti aoneke miyezi imene anyamata amathawa m'kalasi kunka kukakoka khoka. Wophunzira wa chaka chachitatu angathe kutsiriza nchito yotere m'miyezi itatu, nasiya chinthu chimene ofesi idzagwiritse nchito zaka zambiri.

Chachiwiri, mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mkulu amene anatsiriza maphunziro zaka 20 zapitazo amadziwa nyanja ndi anthu ache, koma mwina sanagwirepo njira zatsopano zojambulira mapu ndi lamya ya m'manja kapena zosanthulira manambala. Wophunzira amadziwa zimenezi koma sadziwa nyanja. Awiriwa akakhala tebulo limodzi, aliyense amachokapo ndi kanthu, ndipo Boma silinalipire kosi iri yonse.

Chachitatu ndi chimene makampani ayenera kuchilingalira koposa. Kulemba munthu nchito chifukwa cha makalata ndi mafunso a theka la ora kuli ngati kugula nsomba iri m'madzi. Koma munthu amene wakhala miyezi isanu ndi umodzi pa fakitale wadziwika kale: ngati amafika nthawi yabwino, ngati amalemekeza anchito a pansi, ngati amabvomera akalakwa, ngati amapirira kutentha kwa mwezi wa October. Maboma a kunyanja amadziwa bvuto la anchito amene amapempha kusamutsidwa asanamasule ndi katundu yemwe. Munthu amene anayamba wakhalako ali wophunzira, napeza abwenzi ndi tchalitchi kapena mzikiti wache, sabvuta kubwerera ndi kukhazikika.

Aphunzitsi a m'mbali mwa nyanja nao ali ndi gawo lao. Mwana wa pa gombe amaona mnzache wosiya sukulu akubwera ndi ndalama za usipa m'thumba m'mawa uli wonse, ndipo mau a mphunzitsi onena za phindu la maphunziro amamveka ngati nthano. Koma msungwana wa ku yunivesite akaima pamaso pa ana a Sitandade 7, nawafotokozera m'Chichewa kapena m'Chiyao chimene amayesa m'madzi a nyanja yao yomweyo, ana aja amaona ndi maso kumene sukulu imafikitsa munthu. Mkulu wa sukulu wochenjera sangalole mlendo wotere kutha miyezi inai pafupi ndi sukulu yache osamuitana ngakhale tsiku limodzi.

ZIMENE ZIMAONONGA MWAMBO WABWINO

Kunena zoona, si kuphunzira nchito konse kumene kuli ndi phindu. Alipo maofesi ena kumene wophunzira amafika, napatsidwa mpando pa ngodya, natha miyezi itatu akutumidwa kukagula mandasi ndi kujambula makalata pa makina. Potsiriza bwana amasaina fomu yonena kuti wachita bwino kwambiri. Wophunzira wotere wataya nthawi yache, ndipo choipa koposa, waphunzira kuti nchito ya Boma ndiyo kukhala pansi kudikira ora loweruka.

Bvuto lina ndi losiyana ndi limeneli. Alipo olemba nchito amene amaona ophunzira ngati manja aulere, nasiya mipando ya anchito enieni iri yopanda anthu chaka ndi chaka, gulu lina likachoka nkulandira lina. Pamenepo mwambo umene unayenera kutsegula khomo la nchito ndiwo umalitseka. Bungwe la International Labour Organization, pa msonkhano wache wa ku Geneva m'chaka cha 2023, linagwirizana malangizo onena kuti wophunzitsidwa nchito akhale ndi pangano lolembedwa, alandire malipiro oyenera, ndipo atetezedwe ku ngozi ndi ku nkhanza. Mau otsirizawa ngolemera makamaka kwa asungwana, amene ali kutali ndi kwao ndipo kalata yao ya umboni iri m'manja mwa munthu mmodzi.

Nkhani ya ndalama siyenera kuzembedwa. Wophunzira wochokera ku Chitipa kapena ku Nsanje alibe mbale ku Chipoka womusunga. Afunika nyumba, chakudya ndi ndalama ya kabaza. Ngati palibe chomuthandiza, ndiye kuti malo abwino adzapita kwa ana a anthu opeza bwino okha, ndipo mwana wa mlimi adzasankha ofesi iri pafupi ndi kwa amalume ache, ngakhale mulibe chophunzira. Ndiponso ndalama imene inali yokwanira m'chaka cha 2018 siingayesedwe chimodzimodzi kwacha itatsika mphamvu ndi 25 peresenti m'chaka cha 2022 ndi 44 peresenti m'chaka cha 2023. Thandizo la ophunzira liyenera kumaunikidwa pamodzi ndi mitengo ya pa msika. Makampani amapereka kale msonkho wa maphunziro a nchito zamanja ku TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, kotero mfundo yakuti wolemba nchito athandize kusula anchito a mawa si yachilendo kwa iwo.

Chotsiriza ndi kalendala. Nyanja ndi munda siziyendera nthawi ya mayeso. Wophunzira za mpunga amene watumizidwa minda iri mapesi okhaokha sadzaona kuoka kapena kukolola. Wofuna kuona usodzi wa ku Mbenje akafika m'January adzapeza chilumba chotseka. Wa ku fakitale ya shuga akafika m'dzinja adzapeza makina ali chete, pakuti nzimbe zimadulidwa m'chilimwe. Masabata asanu ndi limodzi oikidwa pa nthawi yolakwika ndi ulendo wokaona malo chabe.

CHOYENERA KUCHITIKA

Zambiri mwa zimenezi sizifuna lamulo latsopano kapena ndalama zochuluka. Zifuna kuti akulu a nthambi za Boma m'boma la Salima, pansi pa Bwanamkubwa, akhale pansi kamodzi pa chaka nalembe mndandanda wa nchito zenizeni zimene ophunzira angagwire, mwezi woyenera nchito iri yonse, ndi dzina la munthu amene adzayang'anire. Mndandanda umenewo utumizidwe ku mayunivesite nthawi isanathe, m'malo modikira kuti wophunzira aziyenda yekha khomo ndi khomo ndi kalata yopempha malo. Nyumba ya Boma imene iri yopanda munthu, kapena chipinda cha pa sukulu yogonera pa nthawi ya tchuti, chingathe kuchotsa theka la bvuto la malo ogona.

Mayunivesite nao achite mbali yao. Mphunzitsi wa wophunzirayo afike pa malo a nchito ngakhale kamodzi, osati kungodikira fomu. Lipoti limene wophunzira walemba lisatsekeredwe m'kabati ku Bunda kapena ku Mzuzu, koma kope limodzi litsale pa ofesi imene inamulandira, ndipo zimene wapeza akazifotokoze m'chinenero chao kwa asodzi ndi alimi amene anamuyankha mafunso. Anthu a pa gombe atopa ndi alendo obwera ndi makope amene samvekanso. Womuyang'anira naye nchito yache yophunzitsa iwerengedwe pamene akulu akuyesa kagwiridwe kache ka nchito, pakuti wasula munthu amene adzatumikire dziko zaka 30.

Kwa ophunzira eni ache mau ndi ochepa. Kuthyola ndiwo nkuwerama. Amene afika pa gombe atanyamula digiri pamutu adzabwerera monga anapitira, koma amene abvula nsapato, nalowa m'matope a ku Lifuwu, napereka moni kwa mkulu wa pa doko monga mwana kwa atate ache, adzauzidwa zinthu zimene sizinalembedwe m'buku liri lonse.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 2021, akunena za ulimi wa malonda, mafakitale ndi mizinda yatsopano. Zonsezi zidzafuna anthu odziwa kugwira, osati odziwa kunena kokha. Anthu amenewo ali m'makalasi lero lino, ndipo nchito yowasula iri kuwadikira ku Senga Bay, ku Lifuwu, ku Chitala ndi ku Chipoka. Chotsala ndi chakuti mkulu wa ofesi atenge cholembera, alembe nchito imene yagona pa tebulo pache, ndipo aitanitse munthu.